Lipoti la mtsikana wa zaka 9 amene ankamuyesa wa nzeru zochepa

Kalata imene inabwera ndi mwanayu inali yaifupi. Ahedi analemba kuti ali ndi zaka 9, wabwereza kalasi yachiwiri kawiri, sadziwa kuwerenga, samvera aphunzitsi, ndipo iwo akuganiza kuti ali ndi vuto la nzeru. Pempho lawo linali lakuti ndimuyeze, kenaka ndilembe kalata yomutumizira ku sukulu ya ana a zosowa zapadera. Ine ndine mphunzitsi wa ana a ulumali, ndipo ntchito yanga yaikulu ndi kuyeza ana amene sukulu zatumiza ndi kuwakonzera dongosolo la mmene aziphunzirira. Dzina la mwanayu ndi la sukulu yake sinditchula. Makolo ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe kuti ithandize aphunzitsi ndi anzanga a ntchito.

Makalata otere ndimalandira ambiri, ndipo kawirikawiri mawu akuti "vuto la nzeru" amakhala atalembedwa kale munthu asanasuzumire m'khutu kapena m'maso mwa mwanayo. N'chifukwa chake nkhaniyi ndailemba mwatsatanetsatane.

Zimene amayi ake anandiuza

Ndinayamba ndi amayi ake, mwanayo ali panja. Funso langa loyamba linali lakuti kodi amamva bwino. Anandiyankha osaganizira n'komwe. "Amamva bwinobwino, aphunzitsi. Ndikamuitana amatembenuka. Kungoti amamva zimene akufuna iyeyo."

Sindinawatsutse. Ndinawapempha kuti andifotokozere kuyambira pa kubadwa kwake. Anabadwa masiku atakwana, anayenda ali ndi chaka, ndipo pofika zaka 3 ankacheza ngati anzake onse. Ali ndi zaka 4 anadwala mwakayakaya. Thupi linatentha, khosi linauma, anakomoka kangapo. Anagonekedwa m'chipatala pafupifupi milungu 3 akulandira majakisoni, ndipo m'buku lake la kuchipatala, limene amayiwo analisunga bwino, munalembedwa kuti anali matenda oumitsa khosi. Atatuluka ankayenda dzandidzandi kwa milungu ingapo. Onse anati ndi kufooka kwa matenda, ndipo anakondwera kuti mwana wapulumuka. Makutu sanamuyeze.

Apa m'pamene ndinayamba kukayikira kalata ija. Matenda oumitsa khosi oyamba ndi mabakiteriya amadziwika kuti amawononga kachiwalo kooneka ngati nkhono ka mkati mwa khutu, kamene madokotala amakatcha cochlea. Ziwalo zothandiza munthu kuyenda osagwa zili pamalo omwewo, n'chifukwa chake kudzandira kuja kunali chizindikiro chachikulu. Mwana aliyense wochira matendawa amayenera kuyezedwa makutu pasanapite nthawi. Mwanayu anatha zaka 5 osayezedwa.

Ndinafunsanso za kunyumba, chifukwa vuto la nzeru silionekera m'kalasi mokha. Kuti tinene kuti mwana ali nalo, pamafunika kuti kuganiza kwake kukhale kotsalira ndiponso kuti azilephera zinthu za tsiku ndi tsiku zimene anzake a msinkhu wake amatha. Mwanayu amasamba ndi kuvala yekha, amaveka mlongo wake wamng'ono, ndipo chinthu chikasowa m'nyumba amene amakumbukira pamene chinaikidwa ndi iyeyo. Amayi ake anawonjezera chinthu china mosadziwa kuti akundipatsa yankho. "Ndikamutuma ali pafupi salakwitsa. Koma ndikakuwa ndili panja, amandibweretsera zina."

M'kalasi

Ndisanamuyeze chilichonse ndinakakhala m'kalasi mwake maola 2. Ndimaumirira kuchita zimenezi ngakhale nthawi itachepa bwanji, chifukwa mwana amene ali m'chipinda chabata ndi munthu mmodzi amasiyana kwambiri ndi mwana yemweyo ali pakati pa anzake.

Tsiku limenelo m'kalasimo munali ana 78. Iye anali kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, chifukwa obwereza amakhala aatali ndipo amaikidwa kumbuyo kuti asatchinge anzawo. Aphunzitsi ake ndi munthu wakhama, wa mawu omveka, koma nthawi yambiri ankalankhula akulemba pa bolodi, msana uli kwa ana. Mtsikanayu sankayang'ana aphunzitsi. Maso ake anali pa mnzake wa pambali. Mnzakeyo akatsegula kope, iye ankatsegula, akatukula mkono iyenso ankatukula, mochedwa pang'ono chabe, moti munthu wosayang'anitsitsa sakanaona. Kalasi ikamayankha pamodzi ankagwedeza milomo. Mwana wotere wapeza yekha njira yopulumukira tsiku lonse popanda womuthandiza, ndipo njirayo imafuna nzeru.

Chimene chinandiuza zambiri ndi kope lake. Zokopera pa bolodi zinali zaukhondo, zopanda cholakwika n'chimodzi chomwe. Masamu olembedwa ankakhoza ambiri. Koma pa masamba a mawu olembetsa, amene aphunzitsi amatchula ana n'kulemba, panali chisokonezo, ndipo chisokonezocho chinali ndi njira yake. "Sukulu" analemba "ukulu". "Fupa" analemba "upa". "Tseka" ndi "seka" onse analemba "eka". Mavawelo onse analipo, m'malo mwake. Zosowa zinali s, f ndi ts, pa tsamba lililonse. Aphunzitsi ankangodula ndi cholembera chofiira, poti ndi makope 78 munthu sangakhale ndi mpata wofufuza kuti zilembo zosowazo ndi zomwezomwezo.

Kuyeza

Ndinayamba ndi maso, pa tchati cha Snellen cha chilembo E, mwana ataima mamita 6. Maso onse anali 6/6, kutanthauza kuti amaona bwino. M'makutu munalibe litsiro lotseka, munalibe mafinya, ndipo nembanemba za mkati mwa makutu onse zinali zabwino.

Kenaka ndinayala zithunzi patebulo: mwana akusamba ndi tsamba la mtengo, munthu akuseka ndi munthu akutseka chitseko, mnyamata akuponya mpira ndi wina akuphonya. Ndili patsogolo pake, akuona pakamwa panga, ankaloza bwino zambiri. Nditaima kumbuyo kwake, mita imodzi yokha, mawu anga osasintha, anayamba kungolota. Ndinati "tsamba", analoza wosamba. Ndinabwereza, analoza tsamba, kenaka anatembenuka kundiyang'ana nkhope kuti aone ngati wakhoza. Kutembenuka kumeneko sindidzakuiwala.

Ine sindiyeza makutu mpaka pomaliza, choncho ndinamutumiza kwa katswiri wa za kumva. Zotsatira zinabwera patapita milungu 3. Pa zotsatira zotere, dB ndi muyezo wa mphamvu ya mawu, ndipo nambala ikakula ndiye kuti khutu likufuna mawu amphamvu kuti limve; Hz ndi muyezo wa kamvekedwe ka mawu, kuchokera pa a besi (nambala yaing'ono) kufika pa opyapyala (nambala yaikulu). Khutu la kumanja linkayamba kumva pa 25 dB pa 500 Hz, 35 dB pa 1000 Hz, 55 dB pa 2000 Hz ndi 70 dB pa 4000 Hz. La kumanzere linali loipirapo, 40, 55, 70 ndi 85 dB. Poyeza kudzera pa fupa la kuseri kwa khutu manambala anafanana ndi oyambawo, kusonyeza kuti vuto lili mkati mwenimweni, osati m'njira ya mawu, ndipo silichira ndi mankhwala kapena opaleshoni. Tikaphatikiza manambala a khutu labwinoko n'kugawa ndi 4, tikupeza 46 dB. M'magawo amene bungwe la WHO linagwiritsa ntchito mu lipoti lake la za kumva la 2021, kuyambira 35 kufika pansi pa 50 dB ndi vuto lapakatikati.

Mawu akuti "lapakatikati" amapusitsa. Chofunika n'kuona mmene manambalawo akukwerera kuchoka pa 500 Hz kufika pa 4000 Hz. Mavawelo ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu zili m'munsi, pa ma Hz ochepa, kumene mwanayu amamva bwinoko. Zilembo monga s ndi f, ndi kampweya kamene kamasiyanitsa "ponya" ndi "phonya", n'zofooka ndipo zili m'mwamba, kumene makutu ake anawonongeka kwambiri. Ndiye amamva kuti munthu akulankhula, amazindikira kuti ndi amayi ake, amadziwa kuti akwiya kapena akufunsa, amamva dzina lake. Chimene samva ndi chimene chanenedwa. Amayi ake sananame ponena kuti akamuitana amatembenuka. Ndipo kukuwa sikuthandiza, chifukwa kumakweza mavawelo amene akuwamva kale n'kukwirira tizilembo timene akutisowato. Onjezani mtunda. Pamalo opanda makoma mawu amatsika ndi pafupifupi 6 dB nthawi iliyonse mtunda ukawirikiza kawiri, ndipo m'kalasi yodzaza phokoso la ana limameza zotsalazo. Kumbuyo kuja, mamita 8 kuchokera pa bolodi, mwanayu anakhala zaka 3 akumva kung'ung'udza basi.

Za nzeru ndinagwiritsa ntchito Raven's Coloured Progressive Matrices, mayeso a zithunzi 36 amene mwana amasankha kachidutswa kokwanira pa mpata wosiyidwa, osafuna kulankhula. Anamva chochita nditangomuonetsa kamodzi, ndipo anafika nazo patali mmene ndimayembekezera kwa mwana wa zaka 9. Nambala ya nzeru sindinalembe mu lipoti lake, ndipo sindilemba kawirikawiri, chifukwa miyezo yofanizira imakhala yochokera kwa ana amene anakula ndi kuphunzira mosiyana ndi mwana amene ali patsogolo panga. Ndinangolemba kuti palibe umboni wa vuto la nzeru. Akanapatsidwa mayeso a mafunso apakamwa akanalephera, ndipo kulepherako kukanatsimikizira kalata ya ahedi ija.

Chimene chinatsalira kwenikweni ndi chilankhulo. Mawu amene amadziwa ndi ochepa poyerekeza ndi msinkhu wake, ziganizo zake n'zazifupi, ndipo amameza s polankhula. Ana amatola mawu ambiri pongomvera anthu akucheza pambali, osaphunzitsidwa. Iye njira imeneyo inatsekeka ali ndi zaka 4.

Nditawafotokozera amayi ake, anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndiye ndakhala ndikumukalipira mwana wosalakwa?" Ndinawauza kuti, "Amayi, inu munamupulumutsa pothamanga naye kuchipatala. Zoti ayezedwe makutu panalibe anakuuzani." Sindikudziwa ngati zinawatonthoza tsiku limenelo.

Kumene aziphunzira

Pa msonkhano panali ahedi, aphunzitsi a kalasi yake, bambo ndi mayi ake, ndi ine. Ahedi atamva zotsatira anasintha dzina la vuto koma sanasinthe maganizo. Poti ndi wosamva, anatero, apite ku sukulu ya ana osamva. Bambo ake anagwirizana nazo, ndipo ndinawamvetsa. Anati kuno wataya zaka 3, kumeneko kuli anthu odziwa.

Sukulu za ana osamva ndimazilemekeza, ndipo ndatumizako ana ambiri. Mwana amene samva kwambiri, amene mawu apakamwa sangamufikire ngakhale atavala chothandizira kumva, amafunika chinenero cha manja msanga ndi anzake ochilankhula, ndipo kumusunga m'kalasi wamba mopanda zimenezo ndi kumutsekera m'chipinda yekha. Koma mtsikanayu anayamba kulankhula asanadwale, akumvabe zambiri, ndipo makutu ake ndi oti chipangizo chingawathandize. Sukulu imene ankaitchulayo ndi yogonera komweko, kutali ndi makolo. Ndinaona kuti tikanamuchotsa pakati pa anthu olankhula naye pa nthawi imene akufunika kumva chilankhulo chambiri.

Ndinawakumbutsa ahedi kuti maganizo akuti sukulu wamba izilandira mwana aliyense si anga. Mayiko anagwirizana zimenezi ku Salamanca, m'dziko la Spain, mu June 1994, pa msonkhano umene unakonzedwa ndi boma la Spain ndi UNESCO, pamene panali nthumwi za maboma 92. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali la 2006, mu gawo 24, likunena kuti mwana asachotsedwe m'maphunziro a onse chifukwa cha ulumali, ndipo apatsidwe zomuthandiza malinga ndi zosowa zake. Ahedi anandiyankha mosabisa kuti mapangano sachepetsa ana 78. Ananena zoona, ndipo pa nthawiyo sindinawamvetsetse mokwanira.

Tinamuitana mwanayo. Ndinakhala moyang'anana naye n'kumufunsa pang'onopang'ono, "Iwe ukufuna uziphunzira kuti?" Anatchula dzina la mnzake wa pambali uja. Tinagwirizana kuti akhale pasukulu pomwepo chaka chimodzi, apite kalasi yachitatu osabwerezanso, ndipo tidzaonenso.

Dongosolo, ndi pamene ndinalakwitsa

Dongosolo loyamba limene ndinalemba linali ndi mfundo 11. Chilichonse chinalimo, kuyambira pokhala mpaka kayezedwe ka mayeso. Ndinalipereka, ndinachoka ndili wokhutira. Nditabwerako patapita mwezi ndinapeza kuti mwanayo wasunthidwa kupita kutsogolo, koma china chilichonse sichinachitike, ndipo pepalalo linali mu kabati ya ahedi. Aphunzitsi a kalasi yachitatu anali asanalione n'komwe, chifukwa pa msonkhano paja panali a kalasi yachiwiri. Kulakwa kumeneku kunali kwanga. Ndinalembera fayilo m'malo molembera munthu amene aime patsogolo pa mwanayo, ndipo mwezi wonse unapita pachabe.

Ndinakhala pansi ndi aphunzitsi atsopanowo pa nthawi yopuma, ndinawaonetsa kope lija, ndi kuwafunsa kuti, "Madamu, pa zonsezi, n'ziti zimene mungathe tsiku lililonse osatopa nazo?" Tinatsala ndi zitatu. Mwanayo azikhala mzere wachiwiri, chakumanzere kwa kalasi poyang'ana bolodi, kuti khutu la kumanja liloze kwa aphunzitsi ndi kwa anzake ambiri, ndipo mnzake uja akhale naye. Mzere woyamba ndinaukana chifukwa mwana amaona chibwano cha aphunzitsi m'malo mwa milomo. Chachiwiri, akamapereka malangizo azitembenuka kaye, choko chili m'manja, n'kulankhula nkhope ikuoneka, osakuwa. Chachitatu, mawu atsopano a phunziro aziwalemba pakona ya bolodi asanayambe. Iwo okha anawonjezera china chimene ine sindinachiganize: mwana wina akayankha kumbuyo, azibwereza yankholo asanapitirire. Anadzandiuza pambuyo pake kuti zimenezi zinathandiza kalasi yonse.

Tinagwirizananso kuti asamamufunse kuti "wamva?", chifukwa amavomera nthawi zonse. Azimuuza kuti anene chimene akuyenera kuchita.

Ine ndinkakumana naye kawiri pa mlungu, mphindi 30, m'chipinda chabata. Kuwerenga tinayambira pa maso ndi pa manja. Pa s ankaika chala patsogolo pa mano anga n'kumva kampweya kozizira, kenaka n'kuyesa yekha pa galasi. Pa "ponya" ndi "phonya" tinkagwira kapepala patsogolo pa milomo. Pa p kamangogwedezeka pang'ono, pa ph kamauluka. Tsiku loyamba anaseka mpaka misozi, ndipo anabwereza mwina ka 20, kenaka anatenga kope lake lakale n'kuyamba kufufuza yekha mawu okhala ndi h amene ankawakopera zaka zonsezi osadziwa ntchito ya chilembocho.

Zothandizira kumva

Zinafika patapita miyezi 5, za makutu onse awiri, zokoleka kuseri kwa khutu. Makolo ankayembekeza kuti vuto latha. Mlungu wachiwiri ndinazipeza m'thumba la yunifolomu.

Zifukwa zinali ziwiri. Cha kumanzere chinkalira mluzu chifukwa kachikombole kolowa m'khutu sikanakwane bwino, ndipo anzake ankamuseka. Chachiwiri, phokoso la kalasi, mabenchi, mapazi, kutsokomola, zonse zinamugwera nthawi imodzi atakhala zaka 5 m'dziko lachete. Chipangizo chimakweza mawu a aphunzitsi pamodzi ndi phokoso, ndipo sichibwezera khutu mwakale. Kachikombole tinakakonzetsa kwa katswiri uja. Kuvala tinayambiranso pang'onopang'ono, ola limodzi kunyumba kuli bata, kenaka phunziro limodzi, kenaka m'mawa wonse. Aphunzitsi, ndi chilolezo cha mwanayo, anafotokozera kalasi kuti zimenezi zili ngati magalasi a maso, ndipo kusekako kunazirala.

Amayi ake ndinawaphunzitsa kuyesa zipangizozo m'mawa uliwonse ndi mawu 6 amene anakonza Daniel Ling, katswiri wa maphunziro a ana osamva: m, u, a, i, sh ndi s. Amaima kumbuyo kwake, amatchula limodzilimodzi, iye n'kubwereza. Sizitenga mphindi. Mawu amenewa anasankhidwa kuti ayambire m'munsi mpaka m'mwamba, ndiye tsiku limene s wasowa amadziwa kuti batire latha kapena kachubu katsekeka. Usiku amatsegula kachitseko ka batire n'kuziika m'kabotolo kouma. Ndinawachenjeza kuti mabatirewo azikhala kutali ndi mlongo wake wamng'ono, poti mwana akameza ndi ngozi yaikulu. Za mabatire ndinakambirana nawo zipangizo zisanafike, chifukwa ndaona zipangizo zabwino zambiri zitagona m'madilowa batire loyamba litangotha.

Pamene tafika

Patha miyezi 10 chilandirireni kalata ija. Akuwerenga ziganizo zazifupi ndi kuzimva. Pa mawu olembetsa 20 amene ndinamuyesa nawo mlungu watha anakhoza 14, pamene poyamba anakhoza 3 pa mawu omwewo. Masamu ali pakati pa kalasi. Wayamba kufunsa akapanda kumva, ndipo kwa ine chimenechi n'chachikulu kuposa manambalawo. Aphunzitsi anandiuza kuti tsiku lina anatukula mkono n'kunena kuti, "Madamu, mubwerezenso."

Akadali kumbuyo kwa anzake. Nkhani yaitali ikawerengedwa mokweza amataya mutu wake pakati, ndipo mawu ambiri a m'mabuku a kalasi yachitatu sawadziwa tanthauzo. Madzulo amafika kunyumba atatheratu, chifukwa kumvetsera kwa iye ndi ntchito yolemetsa, choncho ndapempha kuti ntchito ya kunyumba ichepe. Bambo ake sanasiyiretu maganizo a sukulu ina ija, ndipo ndawalonjeza kuti tidzakambirananso moona mtima chaka chikatha. Ndawauzanso kuti kuphunzira chinenero cha manja sikungamubwezere m'mbuyo polankhula, ndipo kungamuthandize ngati makutu atapitirira kutsika. Pa chifukwa chimenechi katswiri adzamuyezanso miyezi 6 ikakwana, ndi kuonanso zikombole, poti khutu la mwana limakula.

Mu fayilo yake kalata yoyamba ija ikadalimo. Ndinapempha ahedi kuti alembepo ndi dzanja lawo kuti zimene ankaganizazo sizinapezeke, ndipo analemba ndi kusayina ine ndili pomwepo. Msonkhano wotsatira ndauika mlungu womaliza wa chaka, ndipo ndapempha kuti aphunzitsi a kalasi yachinayi adzakhalepo. Aphunzitsi a kalasi yachitatu andipatsa mayina a ana ena 4 a kumbuyo kwa kalasi, pamodzi ndi makope awo, ndipo ndiyamba kuwaona Lachiwiri.